Tende za pa Mbale Zisanu

Basi ya antchito a pahotela inkanyamuka ku Umm Ghuwailina, dera la mumzinda wa Doha kumene ankagona, sikisi koloko m'mawa, koma tsiku limenelo Jamila anali atavala kale yunifomu faifi isanakwane. Anaisita kawiri. Kolala inaima njo ngati makutu a galu amene wamva mluzu.

Linali tsiku lomaliza la pulobeshoni, miyezi itatu ija imene amakuyesa asanakulembe ntchito zenizeni. Madzulo ake Madam Perera, mayi wa ku Sri Lanka amene ankayang'anira operekera zakudya pamisonkhano, anayenera kusayina pepala lake. Akasayina, Jamila atsala ku Doha. Akapanda kusayina, ndege, kenako basi ya ku Ntaja. Ndipo lamulo la mayiyo ankalidziwa aliyense: mlendo mmodzi yekha akadandaula za iwe, cholembera chimabwerera m'thumba.

Jamila analibe mantha. Mtima unkangodumpha ndi chimwemwe, chifukwa ankadziwa chimene anabwera nacho kuchokera kwawo, ndilo dzanja. Mayi ake ndiwo ankaitanidwa kukagawa ndiwo pa maukwati ndi pa sadaka m'dera lonse la Ntaja. Kugawa mbuzi imodzi kwa anthu zana popanda wina kusuzumira mbale ya mnzake ndi diso lofiira si ntchito ya masewera. Jamila anakula atagwira beseni pambali pawo, akumva mawu omwewo chaka ndi chaka: "Mbale ya mnzako ikakula, ndiwo zako zimasiya kukoma." Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kutapa mtedza n'kunena kuchuluka kwake asanatambasule zala.

Ndiye atafika ku Doha n'kupeza kuti Madam Perera nawonso nyimbo yawo ndi yomweyo, anangoti basi, apa ndafika kwathu. "Semu semu!" ankakuwa mayiyo m'khitchini, chala chili m'mwamba. Masamusa atatu apa, atatu apo. Mbale zonse zifanane ngati mapasa. Pa miyezi itatu yonseyo sanabwezepo mbale ya Jamila ngakhale imodzi.

Hotelayo inali kufupi ndi Onaiza, pakati pa nyumba zazitali zagalasi zija. Sabata imeneyo kunali msonkhano wa akatswiri a zachuma ochokera kumayiko osiyanasiyana. Jamila anapatsidwa malo a panja pa holo yaikulu, pomwe alendo ankayenera kudzamwera tiyi hafu pasiti teni. Anayala makapu, anakonza masupuni, anapukuta mafulasiki mpaka kudziona nkhope. Atatembenuka kuti atenge shuga, anaima chilili.

Kukhoma kunali tebulo lalitali la nsalu yoyera. Pamenepo panali mizere isanu ndi umodzi ya mbale, mzere uliwonse mbale zisanu, ndipo kumutu kwa mzere kambendera kakang'ono. M'mbalemo munali tende, zipatso za kanjedza zija Aluya amalandirira nazo mlendo. Koma kagawidwe kake! Mbale ina tende zisanu zokha, zikugubuduzika ngati ana amasiye. Mbale ya kumapeto mulu wonse, zina zitatsala pang'ono kugwera pansalu. Mzere uliwonse chimodzimodzi: uku njala, uku phwando.

"Achimwene!" anaitana Jamila. "Taonani kuno. Ndani wachita zauve izi?"

Achimwenewo anali a Macfussy, mlonda wa pakhomo la holo, bambo wa ku Phalombe amene anali atakhala ku Doha zaka zisanu ndi zitatu ndipo mimba inkachitira umboni. Anabwera akukoka lamba.

"Ine andiuza chimodzi, chemwali: pasapezeke munthu wodya tende zimenezi. Pofika ine zinali kale choncho."

"Ndi a shifiti ya usiku awa. Amangokhuthula ngati akudyetsa nkhuku. Madam Perera akaona izi pamalo panga, ndiye kuti khalasi, zanga zatha, ndapita."

"Kodi ukufuna kudya?"

"Ndidye za alendo ine? Ndikufuna kukonza."

"Kukonza sanaletse," anatero a Macfussy, nabwerera pakhomo.

Jamila anavala magolovesi n'kuyamba. Kutapa uku, kuika uko, kutapa uku, kuika uko. Ndipo taonani zodabwitsa: mzere woyamba unatha bwinobwino, tende makumi awiri m'mbale iliyonse, osatsala ngakhale imodzi. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Munthu wina akanaima n'kudzifunsa kuti wokhuthula mosasamala angakwanitse bwanji zana lenileni mumzere uliwonse. Koma Jamila chimwemwe chinali chitamukwera kumutu. Anamaliza mbale makumi atatu zonse, anazisanja mwaluso ngati maluwa, anawongola timbendera, nabwerera m'mbuyo kuti asirire.

"Eee, koma ndiwe mwana wa mayi ako," anatero a Macfussy ali pakhomo. "Semu semu yeniyeni. Lero akusayinira ndi manja awiri."

Nthawi inali itangopitirira teni pamene chikepe chinatseguka n'kutulukamo mayi wamfupi, wa imvi zometa bwino, atavala suti yabuluu, m'manja atanyamula makhadi osindikiza. Ankayenda mothamanga. Atafika patebulo paja anaima. Makhadi anagwa pansi, mbwee.

"Mayo ine! Ndani wandipha chonchi?"

Jamila ndi a Macfussy anayang'anana. Chichewa! Mu hotela muno, pakamwa pa mlendo wa suti!

"Amayi, ndinu a kumudzi?" anafunsa a Macfussy, nkhope yonse mano.

"Za kumudzi zidikire, bambo. Ndinakuuzani kuti muyang'anire tebulo ili!"

"Ndiye munali inu? Paja munayankhula Chingerezi. Munati asadye munthu. Werengani, palibe yasowa."

Jamila anasendera pafupi, manja kumbuyo. "Ndine ndakonza, amayi. Zinali zosagawa bwino."

"Zosagawa bwino!" Mayiyo anagwira mutu ndi manja onse. "Mwanawe, kusagawa bwinoko ndiye ntchito yanga! Ndadzuka mbandakucha, maola awiri ndikuwerenga imodziimodzi. Ndangopita kukasindikiza makhadi awa, basi!"

Anali Dokotala Chawezi Mhango, wa ku Rumphi, mphunzitsi pa yunivesite ina ku Ulaya. Udokotala wake sunali wa jakisoni. Ntchito yake inali kuyeza mmene anthu a m'mayiko olemera amasiyanirana pa mapezedwe, n'kuyerekeza dziko ili ndi linzake. Anafotokoza mofulumira, mawu akupunthwana. Kambendera kalikonse ndi dziko: America, Britain, Falansa, Jeremani, Japani, Finland. Tende zana ndi ndalama zonse zimene anthu a dzikolo amapeza pachaka. Anthuwo uwaimike pamzere kuyambira wosaukitsitsa mpaka wolemeretsetsa, uwadule magulu asanu ofanana. Gulu lililonse mbale yake. Mbale yoyamba ndi ya apansi, yomaliza ndi ya apamwamba.

"Anthu atopa ndi manambala a pakhoma, amangogona," anatero. "Ndinafuna kuti lero aone ndi maso. Ndiye iwe wandipangira mayiko sikisi a kumwamba, kopanda wolemera, kopanda wosauka. Supavaiza wako ndani?"

Funso limenelo linamulowa Jamila ngati madzi ozizira kumsana. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake linali ili. Anaona ndege. Anaona basi ya ku Ntaja, ndi anthu pa siteji akufunsana kuti wabwereranji msanga mwana wa mayi ogawa ndiwo uja. Koma kulira kunalibe nthawi. Anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Amayi, manambala ali pa makhadipo?"

"Alipo. Nanga athandiza chiyani? Kwatsala maminitsi twente. Ine zinanditengera maola awiri."

"Inu munkawerenga. Ine sindiwerenga. Tchulani."

Dokotala anamuyang'ana ngati wamisala. Koma poti panalibe njira ina, anatola makhadi aja, napeza la Jeremani.

"Eyiti. Setini. Seventini. Twente fili. Sate naini."

Manja a Jamila ananyamuka. Poti mbale iliyonse inali ndi makumi awiri, sanayambirenso pachiyambi. Anachotsa khumi ndi ziwiri m'mbale yoyamba, kutapa katatu, zinayizinayi. Zisanu ndi ziwiri m'yachiwiri. Zitatu m'yachitatu, zomwe zinagwera m'yachinayi zisanafike n'pansi pomwe. Zotsala zonse pa mulu wa kumapeto. Anawomba m'manja kamodzi.

"Lina!"

"Dikira kaye." Dokotala anawerama n'kuwerenga mbale yachiwiri ndi chala. Khumi ndi zitatu. Anawerenga yomaliza, milomo ikugwedera. Anadzuka pang'onopang'ono. "Iwe, unaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa sadaka, amayi. Lina!"

"Yala, yala, fulumirani, adokotala!" anakuwa a Macfussy, ataiwala khomo lawo. "Musamuchedwetse mwanayu, injini yatentha!"

Falansa inatha. Japani inatha. Dokotala tsopano ankatchula manambala akuseka, nsapato imodzi itavuka, akudumphadumpha ngati mtsikana wa netibo. Jamila naye pakamwa sipanatseke, poti manja ake sankafuna thandizo la mutu.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti dziko ili laposa linzake? Ndalama zawo n'zosiyana."

"N'chifukwa chake aliyense ndamupatsa zana. Sindikufunsa kuti mphika ndi waukulu bwanji. Ndikufunsa kuti wagawidwa bwanji."

"Nanga wina akanama? Kwathu mavenda ogula chimanga amabwera ndi ndowa yotukumula pansi. Ogulitsa nawo ali ndi yawo yophwanya m'mbali. Onse amati ndowa."

Dokotala anamenya khadi pantchafu. "Imeneyo ndiye nkhondo ya msonkhano uno wonse! Dziko lina limawerenga munthu mmodzimmodzi, lina banja lonse. Lina limawerenga msonkho usanachotsedwe, lina utachotsedwa. Ukangotenga manambala awo n'kuwaika pamodzi, wayerekeza ndowa yotukumula ndi yophwanya. Zaka zanga khumi zapita pa kuwongola ndowa basi. Britain! Tiye!"

Britain itangotha, mnyamata wa komiti ya msonkhano anasuzumira pakhomo n'kukodola Dokotala kuti akayese maikolofoni. Kunatsala mizere iwiri, America ndi Finland, ndi maminitsi asanu ndi awiri. Dokotala anaponya makhadi awiri m'manja mwa a Macfussy.

"Bambo, muwerengereni. Ndikubwera."

A Macfussy anatambasula dzanja kutali ndi maso, poti magalasi anawasiya ku Umm Ghuwailina, n'kuyamba kutchula ndi mawu a wolengeza pawailesi. Jamila ankatapa. Koma pamene ankamaliza mzere wachiwiriwo, dzanja lake lomwe linayamba kukayika. Mbale zoyamba zinali pafupifupi zopanda kanthu, tende imodzi kapena ziwiri. Milu ya kumapeto inapitirira theka la zana, yonse iwiri. Mizere ina ija sinali yolusa chonchi. Ndipo America ndi Finland zinkafanana ngati ana a mimba imodzi.

Dokotala anabwera akuthamanga, anayang'ana, nagwiranso mutu.

"Mwawerenga mzere uti pa makhadiwa, bambo?"

"Wapamwamba. Munthu amayambira pamwamba."

"Wofiirawo? Ndimafuna wabuluu, wapansiwo!"

"Simunanene za mitundu, adokotala. Ine ndi mlonda, si wopenta."

"Kusiyana kwake n'chiyani?" anafunsa Jamila, maso ali pa wotchi.

"Wofiira ndi zimene anthu amapeza okha, malipiro, bizinesi, lendi, boma lisanagwirepo. Nkhalamba yopuma ntchito, wodwala, wosowa ntchito, pamenepo alibe kanthu. Wabuluu ndi zimene zimatsala m'manja boma litadula msonkho n'kupereka penshoni, ndalama za ana, za osowa ntchito. Mayiko enawa ndi abuluu. Awiriwa ndi ofiira. Ndowa ziwiri zosiyana patebulo limodzi, pamaso pa anthu amene ntchito yawo ndi kugwira ndowa zabodza! Andiseka mpaka ku Ulaya."

M'holo munamveka kuwomba m'manja. Mipando inayamba kukhwekhwereza. Anali atamaliza msanga.

Jamila anayang'ana milu iwiri ija, nayang'ana makhadi. Ndiye chinthu chinamuwalira m'mutu, mpaka anagwira mkono wa Dokotala, kuiwala kuti ndi mlendo.

"Amayi! Ndiye kuti boma limachita zomwe ndinachita ine m'mawa? Kutapa uku, kuika uko?"

"Eya, koma silifikitsa pofanana ngati iwe."

"Basi musawauze kuti talakwitsa. Auzeni aime apa aone. Ine ndikhala boma. Inu muzingonena."

Zitseko zinatseguka.

Anatuluka ngati ng'ombe zopita kudibi: azungu a mabaji pakhosi, Aluya a mikanjo yoyera, amayi a ku India a nsalu zowala, onse maso ali ku tiyi. Dokotala Mhango anapuma kamodzi, anavala nsapato ija, nakweza maikolofoni. Anawaitana m'Chingerezi kuti tiyi sathawa, ayambe abwera kuno. Anafotokoza za mbale zisanu ndi tende zana. Kenako analoza mizere iwiri ya kumapeto.

"Awa ndi America ndi Finland boma lisanagwire kanthu. Mukuona kusiyana?"

Anthu anawerama. Bambo wina wadazi anapukusa mutu. Kusiyana kunali kochepa zedi.

"Tsopano nali boma," anatero Dokotala. "Dzina lake Jamila."

Kuseka kunamveka. Jamila anaima kumutu kwa mzere wa America, mtima ukugunda ngati ng'oma ya beni, koma manja ali phee. Dokotala anati msonkho, iye anatapa pamulu waukulu, dzanja limodzi losadzaza. Dokotala anati penshoni ndi thandizo la osauka, iye anagawira mbale za kumunsi. Zinathera pa zisanu, khumi, khumi ndi zisanu, makumi awiri ndi zitatu, ndipo mulu wa apamwamba unatsala ndi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anakweza manja kusonyeza kuti boma la kumeneko lathera pomwepo.

Anasunthira ku Finland. Anatapa kamodzi. Anatapanso. Atatapa kachitatu, mayi wina kumbuyo anati "Oo!" mokweza. Tende zinkauluka kuchoka kumtunda kupita kumunsi, mbale yoyamba ija inali ndi njala inayamba kuoneka ngati mbale ya munthu. Inafika pa zisanu ndi zinayi. Mulu waukulu unatsika mpaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Mizere iwiri imene inayamba ngati mapasa tsopano inali yosiyana moti ngakhale mwana akanaloza.

"Poyambira n'pamodzi," anatero Dokotala. "Chosiyana ndi kukula kwa dzanja."

Ndiye kunali phokoso! Mafoni m'mwamba. Bambo wadazi uja anakankha anzake n'kuwerenga yekha mbale ya Finland ndi kumbuyo kwa cholembera, napeza zisanu ndi zinayi ndendende, nayang'ana Jamila pamwamba pa magalasi. Wina wa ku America anakuwa kuti boma ili likufulumira kuposa lawo, alitenge apite nalo. Mwaluya wina wachikulire anapempha kuti abwereze, poti iye anali kumbuyo. Jamila anabweza tende zonse pa manambala ofiira aja, osayang'ananso khadi, n'kubwerezanso. Kenako anthu anafuna Jeremani. Kenako Britain. Awiri anayamba kukangana za penshoni, ngati ndi thandizo la boma kapena ndi malipiro a munthu amene anangosungidwa, mpaka wina anatenga tende m'mbale kuti atsindike mfundo yake, a Macfussy n'kumulanda mwaulemu. Tiyi anazizira m'makapu. Belu lobwerera m'holo linalira kawiri anthu osasuntha.

Pamene gulu linayamba kuchepa, Jamila anakweza maso n'kuona Madam Perera ataima pafupi ndi mafulasiki, manja atapinda pachifuwa, faelo ili kukhwapa. Sankadziwa kuti afika nthawi yanji. Maso awo ankayenda pa mbale zosafanana zija, mzere ndi mzere, kenako pa tebulo la tiyi limene linakhala lopanda woperekera kwa theka la ola.

Alendo atalowa, mayiyo anabwera. Sanayang'ane Jamila. Analunjika kwa Dokotala.

"Madam, wantchito wangayu wagwira katundu wanu. Pali dandaulo?"

Jamila sanadikire kuti amunenere wina. Anafotokoza yekha m'Chingerezi chake cha ku Ntaja chosakaniza ndi cha m'khitchini: kuti anapeza mbale zosafanana, anaganiza kuti ndi za tiyi, anazifananiza osafunsa munthu, ndipo anawononga ntchito ya mlendo ya maola awiri. Anamaliza n'kuyang'ana pansi.

Madam Perera anatembenukira kwa Dokotala, kudikira.

"Dandaulo lilipo," anatero Dokotala Mhango.

A Macfussy anatsokomola pakhomo.

"Teni koloko ndinkafuna kuti mumuchotse ntchito, ndipo ndikanakupezani nthawi imeneyo ndikanatero. Pano dandaulo langa ndi lina. Akomiti andipempha kuti mawa ndichite zimenezi m'holo, pa siteji, mayiko onse sikisi. Ndafunsa mnyamata wanu wa ndandanda wa antchito, akuti dzina la mtsikanayu mawa palibe. Ine ndilibe manja amenewa. Ndichita ndi ndani?"

Madam Perera si munthu wotengeka ndi kuwomba m'manja kwa alendo. Anafunsa Jamila kuti tende zinali zingati. Mazana asanu ndi limodzi. Anazifananiza nthawi yaitali bwanji? Kotala ya ola. Zinakwana? Makumi awiri mbale iliyonse.

"Pamalo panga," anatero mayiyo, "chimene sunaike iwe, umafunsa usanagwire. Wamva?"

"Ndamva, Madam."

"Ndipo tebulo la tiyi silisiyidwa, ngakhale kubwere mfumu."

"Ndamva, Madam."

Anatsegula faelo, anatsamiritsa pepala pa tebulo lomwelo pakati pa Japani ndi Falansa, nasayina. Sanadikire n'madzulo omwe. Potseka faelo anayang'ananso mbale zija n'kupukusa mutu ngati munthu amene waona nyumba yosasesa.

"Mawa ukamaliza za adokotalazi," anatero akuchoka, "masamusa anga ndikufuna semu semu."

Atangokhota pakona, Jamila analumpha. Anakumbatira Dokotala, suti ndi yunifomu osasiyanitsa, kenako anazindikira n'kubwerera m'mbuyo akupepesa. Dokotala anamukokanso.

"Choka apa, wandikalambitsa zaka zisanu m'mawa umodzi. Kwanu n'kuti kodi?"

"Ku Ntaja, amayi."

"Ndiye tsopano tikambe za kumudzi zija," anatero a Macfussy akuyandikira. "Koma poyamba ndifunse, adokotala. Ine ndi chemwali wangayu tili mbale iti pamenepa?"

Dokotala anasiya kuseka pang'ono. "Pano palibe mzere wa dziko lino, bambo. Ndaika okhawo amene ndowa zawo ndinatha kuziwongola. Komanso ndikuuzeni zoona: kafukufuku wotere amagogoda pa makomo a mabanja. Anthu ogona m'nyumba za kampani, asanu ndi atatu chipinda chimodzi, kawirikawiri sawafika n'komwe."

"Ndiye kuti ife ndi onyamula mbale basi."

"Pakadali pano. Koma mawa ndikanena zimenezo pa siteji, poti mwandifunsa."

"Mukanene kuti anafunsa ndi Macfussy wa ku Phalombe." Anatambasula dzanja ku mulu wa America. "Apa pokha nditengepo imodzi. Olemerawa sangadziwe."

Jamila anawamenya pa dzanja, phwa.

"Siyani, achimwene. Boma ndine pano."

Folo koloko, basi ikubwerera ku Umm Ghuwailina pakati pa magalimoto osayenda, dzuwa likuwotcha magalasi, Jamila anatulutsa foni n'kujambula mawu opita ku Ntaja. Ankayankhula mokweza moti Mnepali wa pampando wakutsogolo anatembenuka.

"Amayi, asayina! Ndatsala! Ndipo lero ndagawa ndiwo za mayiko sikisi, azungu ataimirira kuonerera. Mawa ndikagawa pa siteji!"

Yankho linabwera basi isanafike n'pa Corniche pomwe, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Kumbuyo kwake kunkamveka nkhuku ndi mtondo.

"Alihamudulila, mwanangu. Koma mayiko sikisiwo anakhuta onse? Panalibe wosuzumira mbale ya mnzake?"

Jamila anaseka mpaka misozi. Anakanikiza batani kuti ayankhe, kenako analisiya. Zimenezo zinafunika kukhala pansi, ndi mbale zisanu patsogolo.